Nambala ya Peni ya Mkazi Wanga

Peni ya inki ya malemu mkazi wanga inasiya kulemba mwezi watha. Ndinaigula ndine, n’kumpatsa chaka chimene tinakwatirana. Chimwalirireni iye, ndinkalembera mndandanda wa zogula ndi masiku opita kuchipatala, basi. Mwana wanga wamkazi anati pa foni, “Ababa, mapeni ali mbwee m’sitolo.”

Ndinapita nayo kwa wokonza mawotchi, kuseri kwa pokwerera mabasi. Kachipinda kake n’kongokwana iye ndi tebulo. Anaimasula n’kuigwedeza. Munatuluka tizidutswa takuda.

“Kathumba kosunga inki kauma, madala. Kuti ndiitanitse kena, ndidziwe kaye mtundu wa peniyi. Nambala yake mukuikumbukira?”

Ndinatulutsa kabokosi kake m’thumba la jekete. Pachivindikiro panalembedwa 12.

“Ndinaigula titangokwatirana, zaka makumi anayi ndi zitatu zapitazo,” ndinatero.

“Ee! Inu ndiye osunga zinthu. Koma ine bokosi sindilikhulupirira. Tiifunse peni yomweyi.”

Zilembo za pathupi pa peni zinali zitafufutika ndi zala za mkazi wanga. Wokonza mawotchiyo anapala choko ndi mpeni, n’kupaka fumbi lakelo ndi chala chachikulu. Anauzira. Zilembo zinatuluka mbuu. Anaika kagalasi kake kudiso.

“Apa palembedwa 30.”

“Mwawerenga molakwa.”

“Madala, diso ili limaona mano a kawilo ka m’wotchi ya pamkono. Lilephere nambala?”

Anasolola buku lakale pansi pa tebulo, lothothoka chikuto, n’kunyowetsa chala. Anandionetsa zithunzi ziwiri zoyandikana.

“Ya 12 ndi iyi. Ili ndi timphete tiwiri pachotsekera, nibu yake, kansonga kolembera aka, yaitali. Yanuyi mphete ndi imodzi yotakata, nibu yaifupi. Za 30 anayamba kupanga patapita zaka khumi ndi zisanu inu mutakwatira kale.”

“Ndi yomweyi imene ndinampatsa.”

“Kubiriwira kwake n’kofanana, inde. Amene anagula iyi anafunafuna ndithu, sanangotola.” Anaseka pang’ono, kenako anandiyang’ana n’kusiya. Anachotsa kagalasi kaja kudiso.

Ndinakumbukira chaka china. Mkazi wanga anali mphunzitsi, ndipo ankachonga makope a ana patebulo lodyera. Panapita milungu ingapo akulemba ndi pensulo. Anati peni waisiya mu dilowa ya desiki yake kusukulu. Sindinafunse zambiri. Masiku amenewo, munthu akataya ngakhale supuni m’nyumba mwanga, ndinkakhala masiku atatu osalankhula. Sindinkakalipa. Ndinkangokhala chete, ndipo nyumba yonse inkayenda monyang’ama.

Kenako peni inabwerera patebulo. Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu ankaigoneka m’kabokosi ka 12. Ine nthawi zina ndinkati, “Yakhalitsa peni imeneyi.” Iye osadzutsa mutu ankati, “Nanga si munasankha ndinu, bambo.”

Wokonza mawotchi anakhosomola.

“Ndiitanitse kathumba kati? Mukakakamira ka 12 ndiitanitsa, koma sikalowa muno. Peni sidzalembanso.”

Ndinaima pomwepo. Panja basi inaliza hutala kawiri. Mayi wina anafika ndi wotchi ya pakhoma, n’kudikira kumbuyo kwanga. Mawotchi a m’kachipindamo ankagunda aliyense nthawi yake.

“Lembani 30,” ndinatero.

“Milungu iwiri, madala. Musaiwale kudzaitenga, simwana uyu, sindimudyetsa.”

Ndinaisiya m’manja mwake. Ndinabwerera wapansi, ngakhale bondo linkandivuta. Kunyumba dzuwa linali litalowa pazenera la pabalaza, mpaka pamwendo wa tebulo. Ndinakhala pansi osavula jekete.

“Amake mwana,” ndinatero mokweza, “peni yoyamba ija inatayikira kuti?”

Kukhitchini filiji inangoti ng’ii. Ndinadikirabe pang’ono.