Zimene Anesi Ananena pa Sikelo

Triza Nahuku anabwerera ku esiteti komwe anakulira atakwera galimoto ya wailesi. Munali mu Januwale 2004, nthawi imene tiyi amaphuka kwambiri moti anthu amathyola ngakhale mvula ikugwa. Eni esiteti anali atakonza pologalamu yapadera pa wailesi ina ya ku Blantyre, komwe Triza anali muulutsi, kuti dziko limve za sukulu ndi kiliniki zomwe anamangira antchito awo. Mabwana a wailesiyo anatuma iyeyo chifukwa ankadziwa Chilomwe, ndipo anthu a kumeneko ankamunyadira.

Kapitawo wamkulu pa esitetipo anali atsibweni ake, a Samsoni. Mayi ake atamwalira, iwowa ndiwo anamulera m'nyumba yawo ya mu kompaundi. Tsikulo anavala jekete la ku tchalitchi n'kumamuonetsa kwa aliyense. "Mawu amene mumamva aja ndi a mwana wanga uyu," ankatero.

Anakonza zoulutsira pa shedi ya sikelo, pomwe othyola amayezetsa madengu awo. Dickson, woyendetsa makina, anakhala m'galimoto. A Douglas, manijala wa esitetiyo, anakhala pampando patsogolo, ndipo pambali pawo panali benchi la anthu osankhidwa kuti alankhule. Mphunzitsi analankhula, nesi naye analankhula, onse ngati akulakatula ndakatulo yoloweza. Triza anadziwa kuti omvera ayamba kusintha siteshoni. Anakoka chingwe cha maikolofoni n'kulunjika pamzere wa amayi amene ankadikira sikelo, madengu ali kumsana.

Pamzerepo anazindikira Anesi, amene ankaimba naye kwaya ali atsikana. Anali atawonda, zala zitathimbirira ndi tiyi.

"Achemwali, zimenezi anthu akumva panopa?" anafunsa Anesi.

"Akumva, kuyambira ku Nsanje mpaka kumpoto."

"Ndiye amve. Kiliniki ilipo, sindikukana. Koma kuti mzimayi alembedwenso ntchito nyengo ino, amayamba wadutsa kunyumba kwa akapitawo. Ine ndinakana, n'chifukwa chake amandipatsa munda wa kumtunda, komwe tiyi ndi wokhwima. Mng'ono wanga sanathe kukana. Panopa ali ndi pakati."

A Douglas anaimirira n'kuyamba kugwedeza dzanja kuti asiye. M'mahedifoni Triza anamva mawu a Dickson: "Ku situdiyo akufunsa ngati tiike nyimbo. Ungokweza dzanja, ndidula."

Lamulo la ntchito Triza ankalidziwa: munthu satchulidwa dzina pa wailesi popanda umboni. "Musatchule dzina, mayi," anatero. Mawu ake anatuluka bwinobwino, monga anaphunzitsidwira.

"Sindikufunika kutchula," anayankha Anesi. "Inu mukuwadziwa kuposa ine."

Anesi sanaloze munthu, koma maso a amayi onse anapita malo amodzi. Triza anatembenuka. Atsibweni ake anali ataima pafupi ndi sikelo, akumanga batani la jekete lomwe linali lomanga kale. Anamuyang'ana n'kupukusa mutu pang'ono, monga ankachitira iye ali mwana akalankhula pamaso pa alendo.

Dzanja lamanzere la Triza linali lopanda kanthu. Kungolikweza, nyimbo ikanalowa, iye n'kunena kuti makina avuta. Pa wailesi palibe choopsa ngati kukhala chete, ndipo anali atakhala kale chete nthawi yaitali.

"Kodi alipo wina amene zoterezi zinamuchitikira?" anafunsa.

Kenaka mayi wina wachikulire anatula dengu lake pansi, nayandikira. Analankhula Chilomwe, motsitsa mawu, akuyang'ana pansi. Omvera ambiri sakanamva. Womasulira panalibe wina koma Triza yemweyo.

"Mayiwa akuti mwana wawo anathawira kwa abale ku Mozambique chaka chatha," anatero Triza. "Akuti amene anamuthawitsa ndi kapitawo wamkulu. Akuti anakadandaula ku ofesi, koma anawabweza pakhomo."

A Douglas anali atafika kale pagalimoto, akumenya chitseko. Asanathe kumasulira zotsalazo, Triza anamva nyimbo m'makutu. Ku situdiyo anali atadula okha.

Amayi anayambanso kuyezetsa madengu, wina aliyense osayang'ana mnzake. Triza anali akukulunga chingwe pamene a Samsoni anafika.

"Ndinakulera kuti udzandivule pagulu?" anafunsa chapansipansi.

"Atsibweni, n'zabodza?"

"Amayi awa ndi a kaduka."

"Ndafunsa ngati n'zabodza."

A Samsoni anayang'ana minda, kenaka anatembenuka n'kumapita cha ku fakitale.

Triza anabwerera ku Blantyre tsiku lomwelo. M'mawa mwake mabwana anamuchotsa pa pologalamu zonse zoulutsidwa pompopompo. Anamupatsa kachipinda kojambuliramo mawu otsatsa malonda, ndipo kwa miyezi ingapo dziko linkamumva akutamanda sopo ndi feteleza. Koma mafoni sanasiye kulira ku wailesiko. Ankaimba amayi a m'maesiteti ena a ku Thyolo ndi ku Mulanje, ena osafuna kutchula maina awo. Bungwe la antchito litalowererapo, esiteti inafufuza, ndipo a Samsoni anachotsedwa ntchito pamodzi ndi kapitawo wina. A Samsoni anasamukira kumudzi kwa Nchilamwela. Akazi awo anatumiza uthenga kuti Triza asadzapondenso pakhomo pawo, ngakhale pa maliro.

Anesi naye sanalembedwenso nyengo yotsatira. Ku ofesi anangoti malo adzaza. Triza anakamupeza pamsika wa Luchenza akugulitsa nthochi, atabereka khanda la mng'ono wake.

"Ndinakuwonongerani ntchito," anatero Triza.

"Ntchito ndinaiwononga ndekha, ndipo ndinkadziwa," anayankha Anesi. Anasuntha pang'ono pathumba lomwe anakhalira. "Khalani pansi. Mng'ono wanga ali m'njira, akuti nayenso akufuna alankhule nanu."

Triza anakhala, natulutsa kamakina kojambulira mawu m'chikwama. Sankadziwa ngati mabwana adzalole kuti ziulutsidwe. Anaikamo kaseti yatsopano, nayamba kudikira.