Masamba Anayi a M'kabuku ka a Melvin

Fiskani anatembenuza masamba anayi nthawi imodzi, koma a Melvin anamva. Maso a mkuluyu anafa zaka zitatu zapitazo. Makutu okha ndiwo anali akadali akuthwa.

"Wadumpha," anatero. "Bwerera pamene ndege yagwera m'nkhalango."

Fiskani ankasamalira a Melvin, nkhalamba yachizungu ya zaka zoposa makumi asanu ndi anayi, m'nyumba yawo m'tauni ya Falls Church, kutsidya kwa nyanja. Kuwonjezera pa kuwasambitsa ndi kuwamwetsa mankhwala, ankawawerengera timabuku ta zithunzi timene ankagula ali mwana, pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Popanda kuwerengeredwa, mkuluyo sankalola kudya. Timabukuto tinkanunkha nkhungu, ndipo tonse tinali topangidwa mofanana. Koyambirira kunali nthabwala za ana a sekondale olimbirana atsikana ndi kupusitsa aphunzitsi, kenaka pankabwera chiphona chobisa nkhope, chimene chinkauluka n'kumaphwanya sitima za adani ndi zibakera. Zimenezo Fiskani ankawerenga mosavutika.

Vuto linali m'kabuku kamene a Melvin ankakakonda koposa. Chiphonacho chinkatera ku Africa kukapulumutsa woyendetsa ndege, ndipo chinkapeza anthu akuda ojambulidwa ndi milomo yonga mbale, mafupa pamphuno ndi maso otong'oka. Anthuwo ankachigwadira n'kumalankhula Chingelezi chothyokathyoka ngati makanda. Fiskani anawerengapo masambawo kamodzi atangoyamba ntchito. A Melvin anaseka mpaka kutsamwa, nati Fiskaniyo amawatha bwino mawuwo popeza ndi anthu akwawo. Kuyambira tsiku limenelo Fiskani ankakapewa kabukuko.

Tsono masana amenewa anawauza mwaulemu kuti masamba amenewo sawawerenganso. A Melvin anakankha mbale ya supu, natembenukira kukhoma.

Mayi Yande, wa ku Zambia amene ankalandira shifiti yamadzulo, atamva nkhaniyo anaseka. Anati iwo amawerenga masambawo maganizo ali kwina, monga momwe munthu amachotsera thewera la nkhalamba osayang'anitsitsa.

"Iwe na sukulu yako, ufuna kuphunzitsa mdala wamene watsala na mano yabili? Kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna, mwana wanga. Manje kalata ija uzaichosa kuti?"

Kalatayo Fiskani sanaiiwale. Tiffany, mwana wamkazi wa a Melvin, analonjeza kumulembera umboni wa ntchito yake kuti alowe sukulu ya unamwino ku Rockville, ndipo inkafunika pofika Lachisanu. Zaka ziwiri anasamalira munthu mmodzi yekhayu. Panalibe wina amene akanamulembera.

M'mawa mwake anapeza Tiffany atafika kale, nkhope ili yothina. Bambo ake anali atakana chakudya kawiri. Fiskani anatsegula kabukuko, nakaika patebulo pamaso pake. Mayiyo anayang'ana pang'ono chabe. Anavomereza kuti zithunzizo n'zachikale, koma anati nthawi imeneyo zinthu zinali choncho, kuti bambo ake alibe chidani ndi munthu aliyense, ndiponso kuti pa msinkhu wawo chimene chikuwasangalatsa chili ngati mankhwala. Anawonjeza, mofewa ndithu, kuti m'kalata muja ankafuna kulembamo kuti Fiskani amaika wodwala patsogolo.

Fiskani sanali munthu wolankhulalankhula. Koma anakankhira kabukuko kwa mayiyo, nati:

"Ngati palibe cholakwika, mayi, chonde werengani inuyo mokweza. Ine ndiima pano ndimvetsere."

Mumtima ankakhulupirira kuti mayiyo akayamba, manyazi amugwira pa mzere wachiwiri. Tiffany anavala magalasi, nakhala m'mphepete mwa bedi. Mzere woyamba anauwerenga mozengereza. Bambo ake atamwetulira, iye anakweza mawu, nawanenepetsa, n'kuyamba kuwathyola monga analembedwera. Pa tsamba lachitatu onse awiri anali akuseka, ndipo malovu a mkuluyo ankayenderera pachibwano n'kumadonthera pa malaya amene Fiskani anasita dzulo lake. Tiffany anamaliza masamba onse anayi, natseka kabukuko.

"Waona? Palibe wafa," anatero. "Tenga supu ija, adya tsopano."

Fiskani anakatenthetsa supu. Anapukuta chibwano cha a Melvin, nawadyetsa mpaka mbale inayera, chifukwa imeneyo inali ntchito yake ndipo mkuluyo anali ndi njala. Anawamwetsa mankhwala a m'mawa, nalemba nthawi yake m'buku la odwala. Tiffany, ali pakhomo la kukhitchini, anamuuza kuti kalata ija ailemba madzulo omwewo ngati mawa zonse zibwerera mwakale.

"Musavutike nayo," anayankha Fiskani.

Mayi Yande atafika madzulo, Fiskani anawapatsa makiyi a nyumbayo, nawafotokozera za chilonda chimene chinayamba pachidendene cha mkuluyo. Ali m'galimoto, asanalowe mumsewu waukulu wopita ku Woodbridge kumene ankakhala, anaimbira foni ofesi ya osamalira odwala imene inamutumiza kwa a Melvin, napempha kuti amupezere nyumba ina. Kenaka analembera sukulu ija kuti dzina lake alisunge mpaka chaka chamawa.