Ndindi Zitatu Pakhoma la Pabalaza

"Amayi, tagwirani mpandowu ndingagwe," anatero mwana wanga Fainess ali chiimire pamwamba pake, hamala m'dzanja ili, lichero langa m'dzanja linalo.

Ndinagwira mpando, koma mutu wanga sunkagwira. Lichero limenelo ndinali nditapetera mphale m'mawa womwewo, ndipo tsopano linkakwera pakhoma ngati chithunzi cha ukwati. Maluwa anga apulasitiki, amene ndinawapukuta fumbi kwa zaka khumi ndi ziwiri, anali atalowa kale m'katoni pamodzi ndi makatani ofiira ndi tinsalu toluka ta pamipando.

"Nyengo yotentha imafuna nyumba yopita mphepo," anatero akundionetsa zithunzi pafoni. "Ku Lilongwe ndi mmene anthu akukongoletsera chaka chino. Mitsuko, udzu wouma, mphasa. Mvula ikagwa mudzasintha."

"Iwe, nyumba imasinthanso zovala? Nanga udzu tikuusesa panja tsiku lililonse, lero ulowe m'nyumba ukhale pathebulo?"

Anangoseka. Ine kuseka kunalibe. Loweruka lake kunkabwera akuchimuna kudzamufunsira, ndipo wowatsogolera anali a Kalekeni a ku Lisasadzi, amalume ake a mnyamatayo, mlimi amene fodya wake anthu amachita kupalasa njinga kukangomuona. Chimwalirire amuna anga ndakhala ndikulima fodya ndekha, anthu akundiwerengera masiku oti ndigwa liti. Ndinkafuna alendowo aone nyumba ya mayi amene sanagwe.

Loweruka ndinalawirira kudambo kukathirira nazale ya fodya. Pobwera, nditasamba ndi kuvala, ndinalowa pabalaza n'kungoti kakasi. Pakati pa malichero awiri panali patapachikika ndindi zitatu za fodya, timitolo tomanga kumapesi, masamba ake amawangamawanga, kwina kwakuda, kwina kotuwa ndi chuku.

Ndinawadziwa. Anali a m'belo langa lina lobwezedwa ku okushoni, limene ndinalibisa kuseri kwa chigafa pansi pa masaka. Ngakhale mlongo wanga Amosi, nkhoswe ya mwanayu, sankadziwa kuti lilipo.

"Fainess! Wazitenga kuti izi?"

"Kuchigafa. Si zokongola, amayi? Fodya winayo amangokhala mtundu umodzi, koma uyu ali ndi maluwa ake."

Maluwa! Mwana ameneyu ndinamutumiza kusukulu yogonera komweko kuti manja ake asadzade ndi phula la fodya, ndipo sanadedi. Ndimati ndikoke mpando ndizichotse, pakhomo panamveka odi.

Analowa anthu anayi, a Amosi ali patsogolo. Mayi wina wa m'tauni, azakhali a mnyamatayo, asanakhale n'komwe anawomba m'manja.

"Eee, koma pabalaza pano! Malicherowa munagula kuti? Kwathu akudula zedi."

Kodi akunditonza? Nkhope yawo inali ya munthu wosirira ndithu. A Amosi anandiyang'ana, n'kuyang'ana khoma, n'kuweramitsa mutu.

A Kalekeni ndiwo sanakhale pansi. Anapita molunjika kukhomako, manja kumbuyo, n'kuima. Anatambasula tsamba limodzi pang'onopang'ono, nalinunkhiza, nalitembenuza. Ndinkaona kale nkhani ikuyenda pa Mtunthama, kuchoka pagolosale kupita pachigayo, kuti mayi uja fodya wamukanika mpaka wayamba kumupachika m'nyumba.

"Ameneyu ndi wa chaka chino, mayi?" anafunsa osatembenuka.

"Eya, bambo." Bodza likanathandiza chiyani kwa munthu woti tsamba amaliwerenga ngati kalata?

"Mvula ija ya mu Malichi, yosakata sabata ziwiri."

"Yomweyo."

Atatembenuka, anali atavula chipewa.

"Ine anandionongekera mabelo anayi," anatero motsitsa mawu. "Ndinakumba dzenje kumunda, ndinakwirira ndekha. Akazi anga mpaka lero akudziwa kuti ndinagulitsa." Anayang'ananso ndindi zija. "Inu mwam'pachika pabalaza, poti aliyense aone. Mtima umenewu ine ndilibe."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zoona, kuti nanenso ndinabisa, kuti ndi mwana wosadziwa fodya wachita izi. Mawu sanatuluke. Kuchipinda, kumene Fainess ankamvetsera, kunamveka kuyetsemula. A Kalekeni anakhala pansi pa khoma lomwelo, nkhani ya mbeta n'kuyamba, ndipo inayenda ngati madzi. Mpaka lero sindidziwa ngati tsiku limenelo ndinanyazitsidwa kapena ndinalemekezedwa.

Mvula yoyamba itagwa, Fainess anaimba foni.

"Amayi, nyengo yasintha. Zija tsitsani, ndikutumizirani zithunzi zina."

Ndinamvera. Malichero anabwerera kukhitchini, udzu ndinapatsa mbuzi, maluwa anga apulasitiki anatuluka m'katoni. Kenako ndinakwera pampando, n'kugwira ndindi yoyamba. Tsamba linathetheka pang'ono m'manja mwanga.

Ndinangowongola msomali umene unapendekeka, n'kutsika.