Laputopu Yolankhulira Bambo

Chiwagwereni matenda a sitiroko, a William anatsala ndi mawu amodzi okha, akuti “iyayi”. Akafuna madzi ankati iyayi, akazizidwa ankati iyayi, ngakhale abusa atabwera kudzawapempherera anawalandira ndi mawu omwewo. Dzanja lamanja linali litafa, mwendo ankachita kukoka. Munthu amene anathera moyo wake wonse akuphunzitsa m’sukulu za ku Ntchisi tsopano ankaswera pampando m’nyumba ya mwana wawo Nelia ku Salisbury Lines, atafunda bulangete, akuyang’ana mawawa pawindo.

Nelia anabwera ku Mzuzu ndi ntchito ya boma ya zaulimi. Bambo atadwala, mchimwene wake Jonathan anati kumudzi kulibe a fizo owongola ziwalo, ndipo Nelia anawatenga osawiringula. Masana ankawasiya ndi mayi Winifred a nyumba yoyandikana nayo. Akaweruka, ntchito ina inkayamba: kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuchapa zofunda. Koma chimene chinkamufoola kwambiri chinali kuganizira tanthauzo la iyayi aliyense. Ankabweretsa tiyi, iyayi. Pilo, iyayi. Mpaka bambowo ankangotseka maso, iye ali chiimire ndi kapu m’manja.

Tsiku lina mayi wa fizo kuchipatala anamuonetsa pulogalamu ya pafoni yokhala ndi zithunzi. Ukakhudza chithunzi cha kapu, foni imanena kuti “madzi”, ndipo mawuwo ukhoza kujambula wekha m’Chichewa. Nelia anaiika pafoni yake, koma dzanja lamanzere la bambo linkanjenjemera, chala n’kumagunda zithunzi zingapo nthawi imodzi. Bambowo anakwiya, foniyo anaikankhira pansi.

“Pafunika sikirini yaikulu, ngati ya tabuleti,” anatero mayi wa fizo uja.

Tabuleti Nelia analibe. Chimene anali nacho chinali laputopu yakale ya nthawi imene anali kukoleji, ija sikirini yake imapindikira kumbuyo ndipo imamva chala. Inali itatopa moti ukaiyatsa unkatha kutereka madzi, kuwira, iyo isanatseguke. Komanso pulogalamu ya zithunziyo inali ya mafoni okha.

Loweruka m’mawa anakwera minibasi ya ku Luwinga. Mnzake wa kuntchito anali atamulozera kwa Fiskani, wokonza mafoni ndi makompyuta, amene kashopu kake kanapanikizika pakati pa malo ometera ndi malo amene ophunzira a ku yunivesite amasindikizira mapepala awo.

“Monire amama, mwawuka uli?” anatero Fiskani. Atamva kuti mayiyu wayankha m’Chichewa, nayenso anatembenukira komweko. Anamvetsera nkhani yonse, kwinaku akuitembenuza laputopuyo ndi kuipinda. “Iyi yakalamba chomene. Sisitimu imene ili m’katimu ikuilemera. Koma tingathe kuichotsa n’kuikamo ya m’mafoni, yopepuka. Mukaipinda ikhala tabuleti basi, ndipo pulogalamu yanuyo ilowa.”

“Zimatheka zimenezo?”

“Zimatheka, koma sindingakulonjezeni zonse. Sisitimuyo sanaipangire makina ngati awa. China chake chikana ndithu, kaya kamera, kaya sipika. Ndipo zonse zili m’katimu zifufutika.”

“Muli zithunzi za kwathu. Zina ndi za malemu mayi anga.”

“Zimenezo ndiyamba ndazisunga pa fulashi, ndidzazibwezeramo tikamaliza.”

Nelia anakhala pabenchi kudikira. Fiskani analowetsa fulashi ina, pa sikirini yakuda panayamba kuthamanga tizilembo toyera, kenaka magetsi anathima, ndipo batire la laputopuyo silinkasunga moto. Nelia anabwerera kunyumba chimanjamanja.

Ku Luwingako anapitako kangapo, nthawi zina pa nkhomaliro, nsapato zitadzaza matope. Ulendo wina anapeza laputopu ikutseguka mwachangu ngati foni yatsopano, koma ukaipinda zithunzi zinkaima chadodolido. Fiskani atakonza zimenezo, zinapezeka kuti sikutulutsa mawu.

“Achimwene, mawuwo ndi amene ndinabwerera kuno,” anatero Nelia motsitsa. Analibenso mphamvu zokwiyira.

“Nkhumanya, amama, ndikudziwa. Mundipatseko masiku, ndifunse anzanga pa intaneti.”

Pamapeto pake Fiskani anapeza kuti mawu akutuluka pa kabowo ka mahedifoni pokha. Analumikiza kasipika kakang’ono ndi waya, n’kukamata kumbuyo ndi tepi yakuda. Kenaka anamufotokozera malamulo ake. Asamaipinde yonse n’kuiika pamiyendo, chifukwa kiyibodi sizima, mabatani azingodinika okha. Aziimika patebulo ngati denga la nyumba. Asamailole kugona, chifukwa ikagona sidzuka mpaka aizimitse n’kuyatsanso. Chaja chizikhala chili cholumikiza.

“Nayonso ndi wodwala wina,” anatero Nelia.

Fiskani anaseka pang’ono. “Yewo, amama. Mukawapatse moni adada.”

Lamulungu atabwerako kutchalitchi, Nelia anadzitsekera kuchipinda n’kujambula mawu ake pa chithunzi chilichonse: madzi, ndazizidwa, ndikumva kupweteka, wailesi, chimbudzi, inde, ayi. Anaimika laputopu patebulo patsogolo pa bambo, n’kugwira chala chawo kukhudzitsa chithunzi chimodzi. Kasipika kanalankhula ndi mawu a Nelia kuti, “Ndikufuna kuchimbudzi.” A William anamuyang’ana mwana wawo, anabweza dzanja n’kulibisa m’bulangete, nkhope anatembenuzira kukhoma.

Masabata anadutsa osaikhudza. Nelia ankaiyatsa m’mawa uliwonse asanapite kuntchito, madzulo n’kuipeza mmene anaisiyira.

“Adada sakuifuna, asisi,” anamuuza mayi Winifred. “Ndikawasendezera akutseka maso. Mwina tingoichotsapo, ikungotchinga poika mbale.”

“Isiyeni pomwepo,” anayankha Nelia, ngakhale mumtima anali atagonja kale.

Lachinayi lina anaweruka masana chifukwa mutu unkamupweteka. Mayi Winifred anali kuseri akuyanika zovala. Polowa m’nyumba anapeza bambo atawerama patebulo. Kaya anachita bwanji, anali atatuluka mu pulogalamu ija n’kulowa mmene munali zithunzi zimene Fiskani anabwezeramo. Ankazikankha ndi chikhatho chonse, chimodzi chimodzi, ndipo zimenezi dzanja lonjenjemera linkakwanitsa. Chinadutsa cha ukwati wa Jonathan, chinadutsa cha malemu akazi awo atavala yunifolomu ya Mvano. Anaima pa chithunzi cha nyumba yawo ya ku Ntchisi, ya malata adzimbiri, nthochi zili kumbali, njinga itatsamira khonde. Anagogoda sikirini ndi chala.

“Iyayi,” anatero, akumuyang’ana Nelia.

“Ndi kwathu kumeneko, ababa. Mwakusowa?”

Anagogodanso mwamphamvu, laputopu mpaka kusuntha. Nelia anaika chikwama pansi, anagwada pambali pawo, n’kutsegula pulogalamu ya zithunzi zolankhula ija. Anasiya ziwiri zokha pa sikirini, zikuluzikulu.

“Ababa, mukufuna kubwerera kumudzi?”

Chala chinayenda pang’onopang’ono, chinaphonya, chinabwereranso. Kasipika kanati, “Inde.”

“Kukacheza chabe, n’kubwerera kuno?”

“Ayi.”

“Nanga a fizo? Mwendowu wayamba kumvera. Kumudzi kulibe amene angakuwongoleni.”

A William anamusiya amalize. Kenaka anakhudza “inde”, n’kukhudzanso, n’kukhudzanso, mpaka Nelia anawagwira dzanja.

Anapita kukhitchini n’kukhala pa ndowa yovundikira. Zinamuwawa kuti atavutika miyezi yonseyi, chinthu choyamba chimene bambo anena n’chakuti akufuna kuchoka. Koma pansi pa kuwawako anamva thupi likupepuka, ndipo zimenezo zinamuchititsa manyazi. Anakhala pomwepo mpaka mayi Winifred analowa ndi beseni n’kumufunsa ngati wamwa mankhwala a mutu.

Madzulo omwewo Nelia anamuimbira foni Jonathan.

“Anena okha?” anafunsa Jonathan. “Anena bwanji, poti salankhula?”

“Anena, achimwene. Ndawafunsa mobwereza, mbali zonse.”

Jonathan anati, “Ndiyambe ndakamba ndi alamu ako, poti ntchito yambiri idzagwera iwo. Mulimonsemo, tidikire timalize kukolola.”

Anadikira. M’miyezi imeneyo a William ankaigwiritsa ntchito laputopu mwa apo ndi apo, makamaka inde ndi ayi, nthawi zina wailesi. Chithunzi cha chimbudzi sanachikhudzepo, ndipo Nelia anachichotsa. Kutopa sikunathe, koma kuimirira ndi kapu m’manja kunachepa.

Mu Ogasiti anapeza galimoto ya mnzake n’kuwaperekeza ku Ntchisi. Atafika, bambo anakana kulowa m’nyumba. Anakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, anthu akubwera kudzawaona. Nelia anawaonetsa alamu ake kaimikidwe ka laputopu, mmene angailumikizire ku sola, ndi zoyenera kuchita ikagona. Alamuwo ankangogwedeza mutu, maso ali pa mwana wawo amene ankakwawira kumoto.

Patapita milungu ingapo Jonathan anaimba kunena kuti waya wa kasipika waduka, ndipo ku Ntchisi sanapeze woulumikiza. Anati bambo akumangoloza zithunzi popanda mawu, alamu a Nelia n’kumamva ndithu, koma zikanakhala bwino atatumiza kasipika kena.

“Ndipita ku Luwinga Loweruka,” anatero Nelia.

Loweruka litafika anadzuka dzuwa litakwera kale. Anachapa zovala zake, anaphika tiyi, n’kukhala pakhomo akuwotha dzuwa, ndipo tsiku limenelo sanapite kulikonse.