Dzanja la Fulansisi

Lole ya matabwa inamutsitsa pa mphambano ya ku Tamanda mdima utagwa kale. Boaz anaima mumsewu, buku lalikulu lili kukhwapa, fumbi lili m'mano. Anali mwana wa m'tauni, wobadwira ku Foti Jemusoni, wozolowera nyali za pamakonde a masitolo. Kuno kunalibe ngakhale imodzi. Anafunsa njira kawiri. Anasochera kamodzi. Amene anamufikitsa pakhomo ndi galu, akumuuwa kumbuyo.

"Odi kuno!"

"Odini. Ndani?" Panatuluka mtsikana ndi koloboyi. Anamuunika kuyambira kunsapato mpaka kutayi.

"Ndine Boaz. Ndachokera kusukulu. Ndikufuna Fulansisi."

"Kusukulu? Ha! Mwabwera kudzamuchotsanso? Kuno ndi kwao, bambo. Kulibe kwina komuthamangitsira."

Ameneyo anali Lenia, mlongo wake wa Fulansisi. Mwiniwakeyo anatulukira kuseri kwa nkhokwe, zitini zothirira nazale ya fodya zili m'manja. Anali ataonda. Mapazi anali atachita ming'alu.

"Bozi! Iwe kuno? Nsapato za tauni zapirira bwanji?"

Anagwirana chanza. Boaz anayang'ana pansi.

Anyamata awiriwa analowa Fomu 1 tsiku limodzi, m'gulu la anthu makumi atatu. Mayeso a Fomu 2 anapeta gululo ngati mphale. Ena anapita kumigodi, ena ku Sozibele, wina anakwatira. Otsalawo anakhala ngati ana a mimba imodzi. Nsikidzi zinkawaluma limodzi. Nyemba zofumbwa ankadya limodzi. Simbi inali imodzi, jekete yojambulitsira zithunzi imodzi, buku la jogalafe limodzi. Bukulo amene ankalikopera ndi Fulansisi, chifukwa dzanja lake linali ngati la makina. Ngakhale zidziwitso za pakhomo la ofesi ahedi ankamulembetsa iyeyo.

Boaz ndiye ankalemba ngati papalasa nkhuku. Zikoti zinamutopetsa. Fulansisi anamumvera chisoni. Ankamulembera mzere pamwamba, iye n'kumatsanzira m'munsi, tsiku ndi tsiku. Pofika Fomu 3 makope awo sankasiyananso. Uledi, kamberembere wa m'kalasimo, anawatcha mapasa a cholembera.

Kenaka kunabwera Juni wa chaka chomaliza. Analamulidwa kuti akandande mumsewu ndi timbendera, kulonjera bwana wina wa Chitaganya. Kutacha, pakhomo la ofesi panapezeka pepala: "Sitipita. Chitaganya sitichifuna. Nyemba zanunso idyani nokha." Ahedi sanafufuze. Dzanjalo ankalidziwa. Anaitana Fulansisi, ndipo Fulansisi sanayankhe kanthu. Masana omwewo anasenza thiranki lake. Boaz anaonerera ali pawindo.

Tsopano inali Okutobala. Mayeso akulu anatsala milungu itatu.

Anakhala pamkeka pakhonde. Lenia anabweretsa thobwa m'chipanda, nakhala poteropo kusenda mtedza, makutu ali tcheru.

"Anzako akupereka moni," anatero Boaz. "Tatsala khumi ndi asanu ndi awiri. Bedi lako palibe wagonapo. Samson amaliyala m'mawa uliwonse, ati mwini wake wangopita kukasamba."

"Samson? Amene sayala lake lomwe?"

"Yemweyo. Ndipo tamva kwa kalaliki wa sukulu kuti dzina lako likadali papepala la mayeso. Linapita kale ku Mangalande mu Malichi. Ahedi akuti ukhoza kulemba. Bola unene amene anakutuma."

"Anandituma ndani?"

Boaz anamukankhira buku lija.

"Zonse zomwe taphunzira chichokereni iwe zili umu. Aliyense analemba chigawo chake. Tinati tinalowa limodzi, tituluke limodzi."

Fulansisi anapukuta manja pakabudula. Anasendeza koloboyi. Anatsegula pang'onopang'ono ngati Baibulo la mwini.

"Uyu ndi Samson. Taona zilembo zapendekera ngati anthu ochokera kumowa." Anatembenuza. "Uyu Uledi. Timalemba tating'ono ngati nyerere. Mwana wa sitolo, amaumira ndi pepala lomwe." Anaseka mpaka kutsokomola. "Uyu ndi Abel, wadontheza inki. Akanapanda kudontheza ndikanati wadwala."

Anawatchula onse, mmodzimmodzi, osaphonya. Boaz ankangosuntha pamkeka.

Chakumapeto Fulansisi anaima. Anayandikiza tsamba kumoto.

"Nanga uyu? Mwalandira mnyamata watsopano?"

"Ayi."

"Dzanja ili sindikulidziwa. Zilembo zoimirira ngati asilikali. Ndi la yani?"

"Ndi langa."

Kunamveka mtedza wokha ukusweka m'manja mwa Lenia.

"Lako," anatero Fulansisi. "Unasintha liti?"

"Tsiku lomwe unachoka. Makope akale ndinaponya m'chimbudzi."

Mtedza unaleka kusweka. Lenia anaimirira, makoko n'kugwa pansalu yake.

"Tadikirani. Ndiye kuti ndinu? Pepala lija munalemba ndinu?"

"Ndine, achemwali."

"Musanditchule achemwali! Bweretsani chipanda changa!" Anachitsomphola, thobwa n'kutayikira patayi. "Amayi anayenda wapansi mpaka kusukulu kukagwada pamaso pa mzungu wanu uja, ahedi. Anabwera mapazi atatupa. Pano ali kuchipatala, sadziwa n'komwe kuti fisi wafika yekha pakhola. Inu mukudya nyemba, mwavala tayi!"

"Lenia, musiye."

"Ndimusiye? Achimwene, mwamva zimene wanenazi?"

"Ndinazimva kale mu Juni." Fulansisi anatseka buku. "Nditangoona pepala lija pakhomo ndinati, koma mwanayu ndinamuphunzitsa bwino. Mizere yowongoka, popanda lula."

Boaz anamuyang'ana kumaso.

"Nanga bwanji sunanditchule?"

"Ndinkadikira kuti uimirire wekha. Ukudziwa, kuchoka kudomitale kufika pageti ndi pafupi. Ine ndinayenda ngati nkhalamba. Ndinatula thiranki kawiri, ngati likundilemera. Ndinkati, Bozi andiitana tsopano. Andiitana tsopano." Anakanda chidendene. "Ndinafika pamsewu."

Boaz anaimirira. Anayenda mpaka pankhokwe, nabwerera. Anakhala. Anaimiriranso. Miyezi inayi anali wotero, wosakhazikika m'kalasi, wosagona pabedi. Anaganiza za bambo ake, kalaliki wa kuboma, amene anali atamupezera kale mpando muofesi. Ankangodikira satifiketi ndi kalata ya ahedi yonena za khalidwe lake. Milungu itatu yokha. Munthu akhoza kupirira milungu itatu.

"Tiye mawa," anatero mofulumira. "Ukawauze ahedi kuti ndine. Sindikana."

"Ine ayi."

"Chifukwa?"

"Sindinanene mu Juni ndili ndi thiranki pamutu. Ndikanene lero? Anzathu aja ndikawayang'ana bwanji? Pakamwa pako pali chiyani, mbatata yamoto?"

"Akandichotsa."

"Mwina."

"Bambo anga akandipha."

"Sakupha. Anga amayi sanandiphe." Fulansisi anayasamula. "Bukuli zikomo, ukawathokoze onse. Ndiwerenga. Kulemba kapena kusalemba, mitsinje ya ku Canada sindiidziwa, ndiidziweko. Tiye tikagone, nazale sidziwa kuti kwabwera mlendo."

Tambala woyamba anamupeza Boaz ali maso. Wachiwiri anamupeza panja. Kum'mawa kutangoyera, anatenga buku lija, nang'amba tsamba lopanda kanthu kumapeto. Analiika pamtondo wovundikira. Anadziwa kuti mawu okha ahedi sakawakhulupirira. Akanati akungofuna kuombola mnzake, popeza makope ake onse tsopano anali ndi zilembo za asilikali zija.

Anagwira cholembera. Mzere woyamba dzanja linasochera. Wachiwiri linakumbuka lokha njira yake, ngati ng'ombe yobwerera kukhola. "Sitipita. Chitaganya sitichifuna. Nyemba zanunso idyani nokha." M'munsi analemba dzina lake lonse.

"Ndione."

Fulansisi anali kumbuyo kwake, zitini zili m'manja. Anawerenga, milomo ikuyenda.

"Wabwerera m'mbuyo, iwe. Mzere womalizawu watsetsereka. Miyezi inayi yokha, basi waiwala?"

"Ahedi akalizindikira dzanjali?"

"Ngakhale wakhungu." Anamubwezera pepalalo. "Bozi, akhoza kutichotsa tonse awiri. Ukudziwa?"

"Ndikudziwa."

"Chabwino. Akandiitana, mutumize mawu ndi lole ya Lachinayi. Ndipo umuuze Samson achotse nsikidzi pabedi langa, asamangoyala pamwamba."

Lenia anatuluka m'khitchini, nkhope ili gwaa. Anaponya kamtolo ka mtedza wokazinga pamtondo.

"Si wanu ayi. Ndi wa anyamata analemba buku aja. Mukadya ngakhale umodzi ndikamva."

"Zikomo, achemwali."

"Ndidzayankha Lachinayi."

Boaz anapinda pepala kanayi, naliika m'thumba la pamtima. Galu uja anamuperekeza mpaka pamphambano, ulendo uno osauwa. Lole ya kutauni inali isanafike. Sanaidikire. Anayamba kuyenda.