Mawaya Amene a Verna Anadula

A Verna Tollefsrud anali munthu waukhondo, ndipo ukhondowo ndi umene unawaika m'mavuto.

Amuna awo, a Delbert, anatha zaka makumi atatu akutolera zitsulo za ekiselo ya magiya awiri yozunguza mawilo akumbuyo, yoti aike pa galimoto yawo yakuda ya 1926. Galimotoyo inkangodziwa kukwawa ndi kuthamanga basi. Pa chitunda cha Sorensen giya yothamanga inkagonja, yokwawa inkawiritsa madzi. Chaka ndi chaka, pa ulendo wa kalabu ya magalimoto akale, anzawo ankakafika pamwamba, pa katchalitchi kamene awiriwa anamangitsirako ukwati, iwo atatsala pakati pa chitunda nthunzi ili tolotolo. Ekiselo ija ikanawapatsa giya yapakati yokwerera. A Delbert ankangoti chaka chamawa, chaka chamawa, mpaka sitiroko inawalanda mawu ndi dzanja lamanja.

Tsopano mwana wawo anali atawapezera a Delbert bedi kunyumba ya okalamba mumzinda wa Omaha. A Verna anali oti akakhale kwa mwanayo, galimoto n'kugulitsidwa mwezi ukatha. Ulendo wa kalabu unali Loweruka, ndipo a Verna anatsimikiza mtima kuti amuna awo akwera chitunda chija pa galimoto yawo, zivute zitani.

Lolemba m'mawa anatsitsa zitsulo pa alumali. Magiya anali omangidwa awiriawiri ndi waya wadzimbiri, yaikulu yonga mbale pamodzi ndi kakang'ono koizunguza. Uve wake unawanyansa. Anadula mawaya onse, n'kuponya magiya m'beseni limodzi la palafini, n'kuwakwecha mpaka anawala.

A Orrin, mng'ono wa a Delbert, atafika kudzathandiza anangoima pakhomo la galaja kukamwa kuli yasa.

"Alamu, mwachita chiyani apa?"

"Ndatsuka. Kodi maso munaiwala kunyumba?"

"Mawaya aja ali kuti?"

"Kudzala."

A Orrin anavula chipewa n'kukanda dazi lawo. "Achimwene sanamange mawaya aja chifukwa chosowa chochita. Magiya awa akayenda limodzi zaka zambiri amadyana mano, aliyense n'kuzolowera mnzake. Mukaipatsa mlendo imalira ngati nkhumba, kenako mano n'kuthyoka. Inu mwawasakaniza ngati nyemba."

A Delbert anali pa njinga yawo ya olumala padzuwa, akumva zonse. A Verna anachita manyazi kwambiri moti sanathe kuwayang'ana.

Anawerenga mano ndi choko. Giya yaikulu imodzi inali ndi mano 39, mnzake sanavute kupeza, koma awiriwo anali a liwiro, osati okwerera zitunda. Zinatsala zazikulu zitatu za mano 40 ndi tating'ono titatu ta mano 11, zofanana ngati mapasa.

"Kuti muyese zonse mumanga ndi kumasula kasanu n'kanayi," anatero a Orrin. "Masiku ndi anayi. Bwanji tingowakweza pa pikapu yanga achimwenewa? Chitunda n'chomwecho."

"Pikapu yanu yonunkha manyowa ija? Gwirani sipanala, alamu, pakamwa mupumitse."

Utoto woyesera mano unali utauma m'chitini, ndiye a Verna anatenga chopaka milomo chawo chopitira kutchalitchi. Ankapaka pa mano, n'kumanga, n'kuzunguza ndi dzanja, n'kumasula kuti aone pamene mano akhudzana. Anayamba ndi magiya owala kwambiri, poti maso ankawauza kuti abwino ndi amenewo. Ayi ndithu, kufiira kunkangofufutika m'mphepete mwa mano, osati pakati. Pofika Lachinayi masana anali atayesa kasanu, zala zili mabala okhaokha, chopaka milomo chitatsala kachidutswa.

Pamenepo a Delbert anagogoda ndodo yawo pa simenti. Anagogodanso.

A Verna anaika magiya onse pa thireyi n'kuwasenzetsa pamiyendo. A Delbert anatsinzina, n'kumayendetsa chala chachikulu cha dzanja lamanzere pa dzino limodzilimodzi, mosafulumira, ngati munthu wosankha mbewu. Patapita nthawi anakankhira kumbali zowala zija. Anatola kagiya kamawangamawanga kamene a Verna anakaika kumapeto kwenikweni, n'kukagoneka pa giya yaikulu yakuda mano.

"Kameneko?" anatero a Orrin. "Achimwene, kakuoneka ngati kanadwala nthomba."

Atamanga n'kumasula, kufiira kunali kutafufutika pakati penipeni pa dzino lililonse. A Orrin anangopempha khofi.

Loweruka kunacha kuli kamphepo kozizira, chimanga chitauma m'minda. A Orrin anawanyamula achimwene awo n'kuwakhazika pampando, kenako anawerama pafupi ndi a Verna, amene anali pa chiwongolero.

"Ndodo yosinthira magiya iyi muikankhe kamodzi, mwamphamvu. Ikatsala pakati mulibe giya, mulibenso buleki. Mubwerera chambuyo mpaka kumtsinje."

"Ndamva."

"Ndikunena zoona, alamu."

"Ndati ndamva."

Magalimoto khumi ndi awiri anandondozana, yawo ili yomaliza. Chitunda chitayamba injini inayamba kulemedwa, ndipo atayandikira bokosi la makalata la a Sorensen, pamene ankaima chaka chilichonse, a Verna anachita mantha enieni. Anagwira ndodo ija koma dzanja linakana kukankha. Kenako anamva dzanja lamanzere la a Delbert litagwira pamwamba pa lawo. Linadikira pang'ono, kumvetsera injini, n'kukankha kamodzi.

Giya inalowa. A Verna anatchera khutu kudikira kulira kwa nkhumba kuja, koma kumbuyo kunali zii. Bokosi la makalata linatsala. Anadutsa pa mlatho waung'ono umene galimotoyo inali isanapondepo, n'kukhota, ndipo denga la katchalitchi linatulukira pamwamba pa mitengo.

Anzawo anaimba mahutala. A Verna anazimitsa injini pansi pa mtengo, mtima uli myaa. A Delbert ankalira osabisa, misozi ikutsikira m'kolala. Anapisa m'thumba la jekete movutikira n'kutulutsa kachidutswa ka waya wadzimbiri. Kaya anakatola liti pansi pa galaja, a Verna sanadziwe. A Delbert anawafumbatitsa kawayako m'manja.

A Verna anakayang'ana nthawi yaitali.

A Orrin anafika akukankha njinga ija. "Tsikani, akuluakulu, khofi akuzizira."

"Ayambe wazizira," anatero a Verna, osachotsa maso pa amuna awo. "Bambo, mawa ndimuimbira mwana uja. Ku Omaha kumene mukupitako apeze mabedi awiri, apo ayi simupita."