Mang'ina a Nkhumba a Achemwali

Bambo Lien Wen-tsai anagwira ntchito pa siteshoni ya sitima ya ku Chiayi zaka 36, ndipo ankanyadira kuti sanauzepo munthu nthawi yolakwika. Matenda a shuga anakhala nawo zaka 13, kuyeza m'mawa uliwonse. Kenako khungu linafiira, n'kuyamba kusendeka ndi kuyabwa mpaka ankadzikanda ndi foloko. Adokotala a ku Kaohsiung anati ndi khansa ya maselo oyera a magazi yomwe imatulukira pakhungu.

Chithandizo chake chinali cha masiku awiri otsatizana pa masabata anayi aliwonse. Makina amakoka magazi, kupatula maselo oyerawo, kuwathira mankhwala, kuwawalitsa ndi nyali yapadera, n'kuwabwezera mumtsempha. Pa pepala lomwe anawapatsa panali malamulo atatu: idyani musanabwere kuti shuga asatsike, valani magalasi akuda kwa maola 24, musadye zamafuta. A Lien anawerenga kawiri.

Lachiwiri pa 12 Malichi zonse zinayenda bwino. Atafika kunyumba cha m'ma 4 koloko anapeza achemwali awo aakulu, a Siu-kim, atatenga kale khitchini ngati yawo. Patebulo panali mang'ina a nkhumba, onyezimira, pamwamba pa misua, chakudya cha ufa wa tirigu chachitali ngati ulusi.

"Wotuluka m'chipatala amadya izi," anatero a Siu-kim. "Ukufuna minyama ya kumeneko ilowe nawe m'nyumba?"

"Sindinatuluke ayi, achemwali. Mawa ndikubwererako."

"Ndiye uli kuti panopa, pabedi la adokotala? Vula magalasiwo, ukuoneka ngati wakuba njinga."

"Andiletsa."

"Khala nawo, koma idya. Shuga sindinaikemo ngakhale kambewu kamodzi. Ndikudziwa matenda ako ine."

Zinali zoona. Kwa zaka 13 banja lonse linkalondera shuga pakhomo lakumaso, ndipo palibe anaganizapo zotseka lakuseri. A Lien analikumbukira lamulo lachitatu lija. Anakumbukiranso kuti achemwaliwa ndi omwe anawalera mayi atamwalira, komanso kuti mang'inawo ankanunkhira. Anadya atatu. Otsala a Siu-kim anawatenthetsa m'mawa, poti pepala lomwelo linati asapite ndi njala.

Lachitatu pa 13 Malichi, 9 koloko, namwino Tsou anawayeza chala.

"Shuga ali pa 121. Mwakhoza, bambo. Zamafuta?"

"Phala basi."

Patatha mphindi 20 makina analira. A Tsou anadina batani, makinawo anayambanso, analiranso. Kachitatu namwinoyo anawerama n'kuyang'ana thumba lomwe mumagwera madzi a m'magazi. Dzulo lake madziwo anali achikasu, oonekera. Lero anali oyera mbee.

"Phala lanuli linali ndi miyendo ingati, bambo?"

A Lien anangoyang'ana kudenga.

"Makinawa amafunafuna maselo oyera ndi diso," anatero a Tsou. "M'mafuta otere saona kanthu. Ndikubwezerani magazi anu, muzipita."

"Mawa bwanji, anamwino? Ndigona ndi njala ngati mukufuna."

"Makina ndi amodzi, odwala ndi 14. Tsiku lanu ndi 9 Epulo. Kodi wakuphikirani ndani? Ali panjapo?"

A Siu-kim analowa atakumbatira chikwama. A Tsou anawalozera thumba lija, kudikira kuti manyazi agwire ntchito yake. Mayiwo anavala magalasi owerengera, nayandikira, nayang'ana nthawi yaitali.

"Wen-tsai, ukuona?" anatero. "Ndinaphika maola asanu. Msuzi wonse walowa m'magazi, sunatayike ngakhale pang'ono!"

"Mayi, msuzi umenewu wawalanda mchimwene wanu theka la chithandizo."

"Inu ndi makina anu osaona. Munthu ali ndi magazi onona chonchi, mukuti akudwala?"

M'sitima yobwerera, msana wa a Lien unayamba kuyabwa asanafike ndi ku Tainan komwe. Anawerenga masiku: 27. Anadzikhuza pampando pang'onopang'ono kuti anthu asaone.

"Wabwezedwa wosathandizidwa, imeneyo ndiye minyama yeniyeni," anatero a Siu-kim, akutulutsa kakalendala m'chikwama. "Atatu aja anachepa. Ulendo wina ndikauza wogulitsa nyama andisungire asanu ndi mmodzi. Wati ukubwerera liti? Namwino uja amalankhulira m'mphuno."

A Lien anayang'ana panja kudzera m'magalasi akuda aja. Sitima inali itachedwa ndi mphindi ziwiri. Anadziwa osayang'ana wotchi.

"Pa 16 Epulo, achemwali," anatero. "Lachiwiri."

A Siu-kim anazunguliza tsikulo ndi cholembera chofiira. Sanafunsenso kawiri. Pa nkhani ya masiku ndi nthawi, Chiayi yense ankadziwa kuti Wen-tsai salakwitsa.